Jekete pa Sitima ya Ilala

Mkulu wina wa ku Nkhoma adalongedza jekete ndi tayi popita kukakwera sitima ya Ilala pa doko la Chipoka. Iye adaamva kuti m'sitima zikuluzikulu za pa nyanja yamchere, monga Queen Mary 2, munthu salowa m'chipinda chodyera madzulo atavala kabudula. Pa usiku wa phwando abambo amavala suti zakuda, amayi madiresi aatali.

Ilala, imene idayamba kuyenda pa Nyanja ya Malaŵi mu 1951, idali ndi madyedwe awiri. Pamwamba, olipira ndalama zambiri ankadya patebulo ndi mpeni ndi foloko. Pansi, pakati pa matumba a usipa, anthu ankatema nsima ndi manja.

Dzuwa litalowa, mkuluyo adatchena, koma tikiti yake idali ya pansi. Adaima chilili, manyazi atamugwira. Pamenepo mayi wina adagwada ndi kumuthirira madzi m'manja, nati, "Agogo, fikani tidye."

Adabwerera kwawo atazindikira kuti ulemu wa pachakudya uli pawiri: wina amasoka telala, wina umaphunziridwa pamphasa. Woyambawo amauvula pogona. Wachiwiriwo munthu amakalamba nawo.