Piriton pakhomo pa wodwala khunyu

Ife amene timayendera mabanja m'dzina la nthambi ya zaumoyo pampingo timakonda kupempha kuti tione mankhwala osungidwa m'nyumba. Kawirikawiri timapeza Panado ndi Piriton. Piriton anthu amamudalira mwana akatuluka ziwengo, chimfine chikavuta, ngakhalenso tulo tikasowa. Koma pakhomo pakakhala wodwala khunyu, timayamba takhala pansi.

Nkhani yagona pa histamine. Ichi ndi chinthu chimene thupi limatulutsa njuchi ikatiluma, khungu n'kutupa ndi kuyabwa. Komatu Mlengi anachipatsa ntchito inanso mu ubongo. M'chigawo chapansi chotchedwa hypothalamus muli kagulu kochepa ka maselo opanga histamine, ndipo mitsempha yake inayanga pafupifupi ubongo wonse. Maselowa amatanganidwa tikakhala maso, tikagona amapuma. Ofufuza aonanso, makamaka poyesa pa nyama, kuti histamine amathandiza kuletsa mphamvu zonga magetsi za mu ubongo kuti zisalilime nthawi imodzi. Kulilima kotere ndiko kumagwetsa munthu khunyu.

Piriton, amene dzina lake lina ndi chlorpheniramine, salekera pakhungu. Amalowa mpaka mu ubongo n'kutsekereza histamine kumeneko, n'chifukwa chake amawodzeretsa. Promethazine amachitanso chimodzimodzi, ndipo mankhwala a mtunduwu amapezeka m'mabotolo ena a chifuwa ndi chimfine. Kwa ambiri a ife zimathera pa tulo. Koma kwa wa khunyu, makamaka mwana wamng'ono kapena amene wamwa mopyola muyeso, kugwa kungabwere msanga. Palinso china: chlorpheniramine angachititse phenytoin kuchuluka m'magazi mwa amene amamwa mankhwala a khunyu amenewa.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi kumwetsa mwana Piriton kuti asalire m'basi kapena m'kachisi pa Sabata. Abale ndi alongo, kuli bwino mwana alire ulaliki wonse.

Sitikunena kuti wa khunyu azingopirira kuyabwa ayi. Alipo mankhwala ena monga cetirizine ndi loratadine amene amalowa pang'ono chabe mu ubongo, koma wosankha akhale dokotala, osati wogulitsa pa okala. Popita kuchipatala tengani buku la wodwalayo ndi botolo lililonse limene wakhala akumwa. Phenobarbitone, carbamazepine kapena mankhwala ena a tsiku ndi tsiku asadumphitse, ngakhale tsiku la chimfine.