Kuyeza Madzi Kuno ku Joni ndi Kwathu ku Mchinji

Inu makolo ndi abale anga a ku Mchinji, kuyambira kwa Mkanda ndi ku Kapiri kufikira kwa Mlonyeni ndi kwa Mavwere, ndiloleni ine mwana wanu, amene ndikudya thukuta langa kuno ku Joni m'nyumba yoyezeramo madzi, ndikuyalireni nkhani imene yandilemera mumtima. Pakuti ngakhale ntchito yanga ili yaing'ono, yotsuka mabotolo, yotunga madzi m'mipopi ndi m'mitsinje ndi kulemba m'buku zimene zapezeka, yandionetsa kuti chinthu chimene kwathu timachiyesa chapafupi, ndicho kusiyanitsa madzi abwino ndi oipa, chili ndi mbali imene diso la munthu silifikako.

Kwathu oweruza madzi ndiwo diso ndi lilime, ndipo sindikuwanyoza ayi. Mayi amene atunga pamjigo madzulo, napeza m'mawa madzi atafiira pansi pa ndowa, nsima itada ndi malaya oyera a mwana wa sukulu atachita mawanga, amadziwa kuti mjigowo uli ndi dzimbiri. Ndipo ife kuno, titayatsa makina athu, timangovomereza zomwezo, kuti chitsulo chikapitirira mamiligalamu 0.3 pa lita imodzi madzi amayamba kusintha maonekedwe ndi kakomedwe. Koma chimene chimapha ana chilibe mtundu, chilibe fungo, ndipo chimakhala mwamtendere m'madzi oyera mbee, ozizira bwino, amene mlendo amamwa nayamika. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono umo tichitira kuno ndi motere. Botolo lotungira limakhala lophikidwa kale kuti musatsale kachilombo, ndipo wotunga sakhudza kukamwa kwake ndi chala. Madziwo timawaika m'bokosi la madzi oundana ndi kuthamanga nawo tsiku lomwelo, chifukwa akagona panjira pofunda amasanduka mboni yonama. Pofika timayeza mamililita 100 ndi kuwasefa pa kapepala koyera kozungulira, ka mabowo aang'ono koposa, amene madzi apitamo koma tizilombo titsalira pamwamba. Kapepalako timakagoneka m'kambale momwe muli chakudya cha tizilomboto, ndi kukafunditsa pa madigiri 44 usiku wonse. Kukacha, ngati madzi anakhudzana ndi chimbudzi cha munthu kapena ndowe za ziweto, pakapepala paja pamaoneka timadontho tachikasu, dontho lililonse mudzi wa tizilombo umene wamera pa kachilombo kamodzi, ndipo munthu amawerenga mmodzimmodzi mtima uli m'mwamba. Bungwe la WHO limati m'madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi ka mtundu wa E. coli m'mamililita 100 amenewo.

Chimene chinandidabwitsa kwenikweni si makinawo, koma kubwereza. Bungwe la Rand Water, limene lakhala likumwetsa dera la Johannesburg chiyambire 1903 ndipo lero limatunga makamaka ku damu la Vaal, limagwira ntchito pansi pa muyeso wotchedwa SANS 241, ndipo mpopi umene unayezedwa dzulo umayezedwanso, ndi kuyezedwanso, zotsatira zake nizilembedwa ndi tsiku lake, kotero kuti madzi akayamba kupotoka buku limaulula anthu asanayambe kudwala. Kwathunso malamulo alipo, pakuti a Malawi Bureau of Standards anaika muyeso wa MS 214 wa madzi akumwa ndi wa MS 733 wa mijigo ndi zitsime, ndipo boma lili ndi labotale ya madzi ku Lilongwe, mtunda wa makilomita ngati 110 kuchokera pa boma la Mchinji. Koma mwambo umene tinauzolowera m'midzi ngwakuti mjigo umayezedwa pokumbidwa, anthu navina tsiku loupereka, ndipo kuyambira pamenepo komiti imasonkhetsa ndalama za mipira ndi mapaipi okha, osakhalanso wofunsa za madzi enieniwo kufikira mjigo utakalamba.

Chonsecho dziko lathu la madambo silikhala chimodzimodzi chaka chonse. Chitsime cha m'dimba chimene mu Okutobala madzi ake ali pansi patali, mu Febuluwale chimadzala mpaka kukamwa, madzi apansi atakwera nakumana ndi maenje a zimbudzi, ndi zotsuka za m'makola, ndi feteleza amene tathira m'fodya ndi m'chimanga. Ndiye chifukwa chake alangizi amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndiponso chikhale kumunsi. Feteleza ndi zonyansa zimasiya m'madzi mchere wa nitrate, umene ukapitirira mamiligalamu 50 pa lita umalepheretsa magazi a khanda kunyamula mpweya bwino. Ndipo tisaiwale kuti ife tikhala kumutu kwa madzi: Bua amabadwira m'mapiri athu, nalandira Rusa, natsikira ku Nkhotakota kumene mpasa zimakwera kudzaswana, ndipo kuseri kwa zitunda za m'malire madzi amalowera ku Luangwa, kotero kuti chimene titaya ife, amamwa ndi ena, ndipo nthenda ya m'madzi siima pa chipata cha Mwami kuti ionetse chiphaso popita ku Chipata kapena pobwera.

Musayese kuti ndikutamanda dziko la eni ngati Kenani. Migodi ya golide imene ambuye athu anakumba, atatengedwa ndi bungwe la Wenela kufikira ndege yake inagwa ku Francistown mu 1974, lero yadzala madzi a asidi, amene mu 2002 anayamba kutumphukira kunja cha ku Krugersdorp, ofiira, opha zamoyo za m'mitsinje. Ndipo ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria, kumene bungwe loona za ufulu wa anthu linanena poyera mu 2019 kuti madzi a m'mipopi sayenera kumwedwa, anthu anakhalabe zaka akudikira, kufikira kolera anafika mu 2023 napha anthu oposa 20. Pamenepo mapepala a zoyeza analipo, olembedwa bwino. Chinasowa ndi dzanja lochitapo kanthu. Nthawi yomweyo kwathu kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anafika m'maboma onse natenga miyoyo yoposa 1,700, ndipo ambiri a ife kuno tinalandira mauthenga a maliro pa lamya, tili kutali, osatha kuponya ngakhale dothi m'manda.

Chifukwa chake ndinena kuti chosowa chathu si nyumba yagalasi ya makina odula. Pali kabotolo kotchipa, kamene akatswiri a ku India anakonza mu 1982, kokhala ndi kapepala ka mankhwala m'kati: uthiramo madzi a pachitsime, nutseka, nukaika pofunda m'nyumba, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ngati madziwo ali odetsedwa, amada bii, kotero kuti ngakhale agogo osadziwa kuwerenga amaona okha. Palinso kambulu ka DPD, kamene ukakaponya m'madzi othiridwa klorini amasanduka ofiirira, kusonyeza ngati mankhwala amene mlangizi wa zaumoyo anagawa akadali ndi mphamvu mumtsuko. Pakuti nthawi zambiri madzi amachoka pamjigo ali abwino, nadetsedwa ndi masamba oika pandowa, ndi zala, ndi chikho chimene aliyense amviika. Ndipo kuyesa zinthu pa nthaka yathu si chachilendo: m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Polytechnic ndi anzawo a ku yunivesite ya Leicester anayeretsa madzi amatope ku Thyolo ndi ufa wa njere za chammwamba, mtengo womwewo umene timathyola ndiwo kuseri kwa nyumba.

Pempho langa tsono, inu mafumu athu ndi inu a makomiti a mijigo, ndi ili: mjigo ndi chitsime chilichonse chiyezedwe kawiri pa chaka, m'chilimwe ndi pakati pa dzinja, ndipo tsiku ndi zotsatira zake zilembedwe m'buku la komiti ndi kuwerengedwa pabwalo, anthu onse akumva, kuti pamene pada pathiridwe mankhwala, pakonzedwe simenti yong'ambika kapena chimbudzi chisunthidwe. Ana a sekondale, amene amaloweza sayansi pabolodi osagwirako botolo, apite ndi aphunzitsi ndi alangizi kukatunga okha. Ndipo ife a kuno, amene timasonkherana msanga za malata ndi za mabokosi a maliro, tisonkhenso za mabotolo ndi mibulu imeneyi, tizitumize ndi amabasi mvula ya chizimalupsa isanagwe.