Kukaona Mwana ku Ulongwe

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amadziwa kuti m'malo ambiri msewuwo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Pa msika wa Lizulu munthu amagula kabichi m'dziko lino, naoloka phula kukagula mbatata ya kachewere m'dziko la eni. Komabe ambiri a ife timangoona dera la Angonia pa zenera la basi. Ine ndinakapondako chifukwa cha mwana wanga wachisamba, amene anakwatira ku Ulongwe, likulu la boma la Angonia, nakhazikika komweko. Ndinali ndi nkhawa imene makolo ambiri ali nayo: kodi adzukulu obadwira kutsidya adzatidziwa ife?

Ulendo wake si wautali. Ukadinditsa chiphaso pa chipata cha Dedza, umalowa pa Calomue, pomwe umasintha makwacha kukhala mametikali ndi kukwera minibasi imene kumeneko amaitcha shapa. Dzikolo ndi lokwera ndi lozizira monga kwathu ku Dedza, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chake sichisiyana. Minda ya chimanga, fodya, nyemba ndi mbatata ili ponseponse, ndipo ngolo za ng'ombe zimalimbirana njira ndi njinga zamoto. Zokolola zambiri za m'mapiri amenewa zimatsikira ku mzinda wotentha wa Tete, m'mphepete mwa Zambezi.

Mwana wanga anandichingamira pa siteji. Ndinamumva akukambirana ndi kondakitala m'Chipwitikizi, ndipo ndinakhala chete ngati mwana wa sukulu, ine amene ndinam'phunzitsa kulankhula. Kunyumba mpongozi wanga anagwada nandilonjera m'chinenero chathu chomwechi, chimene iwo amachitcha Chinyanja. Adzukulu anayamba andisuzumira ali kuseri kwa chitseko. Kusukulu amaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo ngakhale kuwerenga ndalama ndi kutchula masiku amatero m'chinenero chomwecho. Koma madzulo titakhala pamoto, wamng'ono anasendera nati, "Agogo, tiuzeni nthano." Nditangoyamba kuti "Padangokhala," onse anavomera "Tili tonse" popanda wowaphunzitsa.

Tsiku lachitatu tinapita kumudzi kukaona asewere anga, kufupi ndi phiri la Domwe, lotalika kuposa mamita 2,000. Kumeneko ndiko kunali likulu la Inkosi Chikuse ya Angoni a kwa Maseko, Angerezi ndi Apwitikizi asanalembe malire awo m'chaka cha 1891. Malirewo anadula mtundu umodzi pakati, ena a Gomani ku Ntcheu, ena a Zintambira ku Angonia. N'chifukwa chake ziwongo, magule ndi maliro za kutsidyako sizichititsa chilendo munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu.

Asewere anandiphera nkhuku, ndipo tikudya anandikumbutsa za nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Iwo anali m'gulu la anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi, ndipo anabwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mpongozi wanga anayambira sukulu m'dziko lathu ali wothawa nkhondo. "Asewere," anatero mayi wokalambayo, "anthu a kwanu anatisungira ana athu pamene tinalibe ngakhale khasu. Mwana wanuyu musamudere nkhawa, tikumusunga ndife." Mawu amenewa anandikhazika mtima pansi kuposa chilichonse chimene ndinaona pa ulendowu.

Pali zina zimene kholo limaona ndipo zimalasa mumtima. Mwana wanga anamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, anabzala mitengo ya mapichesi, ndipo anansi ake amamuitana kukaweruza nawo nkhani za m'mabanja. Munthu wotere sali pa ulendo; wafika. Munda wa bambo ake ku Dedza udzalimidwa ndi ena. Usiku wotsiriza tinakambirana zimenezi mosabisa, iye ndi ine. Sindinamuuze kuti abwerere kumudzi, ndipo iye sanalonjeze zimene sangathe. Tinagwirizana chinthu chimodzi: ana azibwera kwa ine pa tchuthi chachikulu chaka ndi chaka, adziwe manda a agogo awo aamuna, abale a bambo awo ndi njira ya kudimba.

Makolo anzanga, ambiri a ife tili ndi ana ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Tete kapena ku Johannesburg, ndipo timakhala pakhonde kudikira kuti iwo ndiwo abwere. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma adzukulu sangakonde agogo amene amangowamva pa foni. Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, nyamukani mukawaone. Tengani kankhuku kapena kaufa ka m'munda mwanu. Mukafika, kumbukirani kuti pakhomopo pali eni ake: musalamule kukhitchini kwa mpongozi, musawerengere ndalama za mwana wanu, ndipo tsanzikani akadakufunani, pakuti mlendo ndi mame. Mukatero, chitseko chimenecho chidzakhala chotsegula kwa inu ndi kwa abale ena onse obwera pambuyo panu.