Kalata Imene Inasowa Njira

Chisomo ndi Takondwa ndi ana a Bambo ndi Mayi Mbewe. Iwo amakhala m'mudzi wina kufupi ndi boma la Dedza. Takondwa ali mu Sitandade 5, koma mlongo wake Chisomo anatsiriza kale Folomu 4.

Chisomo ankafunitsitsa kuphunzira ntchito ya unamwino. Iye analemba fomu yopempha malo pa sukulu ina. Akuluakulu a sukuluyo ananena kuti adzayankha pa imelo, imene ndi kalata yoyenda pa intaneti. Masabata atatu anapita. Anzake awiri analandira mayankho owaitana kumayeso, koma kwa Chisomo kunali zii. Tsiku lililonse mtsikanayo ankakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene foni imagwira bwino, ndipo ankatsikapo nkhope ili yakugwa. Mayi ake nawonso anali ndi nkhawa, pakuti anagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama zolipirira fomuyo.

Loweruka lina kunabwera atsibweni awo, Bambo Phiri, amene anagwira ntchito ku positi ofesi zaka zambiri. Atamva za vutoli anapempha kuona fomu ija. Mwamwayi Chisomo anali ataijambula pa foni asanaitumize. Bambo Phiri anavala mandala awo nayang'anitsitsa.

"Kodi keyala yako ili pati, mwanawe?" iwo anafunsa.

"Ndi imeneyo, atsibweni. Ndi dzina limene ndimalemba ndikafuna kuona makalata anga."

Bambo Phiri anapukusa mutu. "Ili ndi dzina lolowera. Keyala waidula pakati."

Takondwa anasendera pafupi, chifukwa iye ankaganiza kuti zinthu ziwirizi n'zimodzi. Atsibweni ake anamufunsa kuti, "Aphunzitsi ako akaitana kuti Takondwa, amayankha ndani?"

"Ndimayankha ndine. M'kalasi mwathu mulibe Takondwa wina."

"Nanga munthu wa ku Mzuzu atalemba pa envulopu mawu oti Takondwa basi, ndi kuiponya ku positi ofesi, kodi ingakupeze?"

Mnyamatayo anaseka, pakuti a Takondwa ndi ambiri m'Malawi muno.

Pamenepo Bambo Phiri anafotokoza kuti dzina lolowera lili ngati dzina la m'kaundula wa kalasi. Limagwira ntchito pamalo amodzi okha. Munthu akafuna kugwiritsa ntchito malo ena ake pa intaneti, amasankha dzina limene kompyuta ya pamalopo idzamudziwira. Pamalo amenewo anthu awiri sangakhale ndi dzina lolowera lofanana. Koma kumalo ena, dzina lomwelo likhoza kukhala la munthu wina amene sitimudziwa n'komwe.

Keyala ya imelo ndi yosiyana, chifukwa imatchula munthu ndiponso kumene makalata ake amafikira. Bambo Phiri anatola kamtengo nalemba pansi keyala yongopeka: takondwa@chitsanzo.mw. Anati mawu a kumanzere ndi dzina la mwini kalata. Mawu a kumanja ndi dzina la malo amene amasunga makalatawo, monga momwe pa envulopu timalembera nambala ya bokosi ndi dzina la positi ofesi. Zilembo ziwiri za kumapeto, mw, zimaimira dziko la Malawi. Za Zambia ndi zm, ndipo za Mozambique ndi mz. Koma makeyala ambiri satchula dziko. Ena amathera ndi gmail.com, dzina la malo osungira makalata amene kampani ya Google inatsegula m'chaka cha 2004.

"Nanga kanthu kopiringizika ngati nkhono kali pakatika n'chiyani?" anafunsa Takondwa.

Atsibweni ake anayankha kuti chizindikiro cha @ chimatanthauza kuti "pa" kapena "kwa". Anachisankha ndi katswiri wina wa ku America, Ray Tomlinson, m'chaka cha 1971. Nthawi imeneyo anthu ogwiritsa ntchito kompyuta imodzi ankatha kale kusiyirana mauthenga polemba dzina lolowera lokha. Tomlinson ankafuna kuti uthenga uchoke pa kompyuta ina ndi kukafika pa ina. Motero anafunika chizindikiro cholekanitsa dzina la munthu ndi dzina la kompyuta, ndipo anasankha @ popeza sichipezeka m'mayina a anthu.

Kunena zoona, Chisomo sanalakwe chifukwa cha ulesi. Malo amene amasunga makalata ake amamulola kulowa polemba dzina lokha, pakuti mbali yotsalayo amaidziwa kale. Ndiponso alipo malo ambiri amene amalola munthu kulowa polemba keyala yonse ya imelo m'malo mwa dzina lolowera. Izi ndi zimene zimasokoneza anthu, ngakhale akuluakulu omwe.

"Ndiye ndilembenso mawu anga achinsinsi kuti asavutike?" anafunsa Chisomo.

"Iyayi! Amenewo ndi kiyi wa bokosi lako. Keyala timapatsa anthu, koma kiyi sitipereka."

Lolemba m'mamawa Chisomo anaimba foni ku sukulu ija. Mlembi wa kumeneko anati kalata yake inali itakonzedwa kale, koma ankasowa koitumiza. Mayeso anali oti achitike Lachisanu la sabata lomwelo. Chisomo anatchula keyala yonse pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, osaiwala kadontho, chifukwa atsibweni anali atamuchenjeza kuti chilembo chimodzi chikalakwika, kalata imabwerera kapena imapita kwa munthu wina. Takondwa anaima pambali pake atagwira pepala, akuloza chilembo chilichonse ndi chala.

Dzuwa lisanafike paliwombo, Chisomo anatsika pachulu paja akuthamanga, akuitana mayi ake kuti amuthandize kuchapa zovala za paulendo.