Ku Joni, M'nyumba za Lendi

Mzinda wa Johannesburg, umene ife Amalaŵi timautcha Joni, udayamba m'chaka cha 1886 pamene anthu adapeza golide m'nthaka yake. Kuyambira kale dzina limeneli lakhala likukoka anyamata a kwathu. Makolo athu ankapita ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi, nagona m'makomboni a kampani. Lero ana athu amapita okha pa basi, ndipo palibe kampani yowakonzera pogona. Aliyense amadzifunira yekha denga, ndipo za madenga amenewo ndizo tifuna kukusimbirani.

Pa tchuthi cha sukulu, m'mwezi wa August 2024, tidakwera basi ku Blantyre kukaona mwana wa mlongo wathu. Tidatuluka m'dziko lino pa Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, kuloŵa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kupyola Harare, mpaka kuoloka Limpopo pa Beitbridge. Tidafika ku Joni miyendo itatupa, mphepo yozizira ikuuluza mapepala m'miseu.

Pakati pa mzindawu pali nyumba zosanja zambiri zimene kale zinali maofesi ndi masitolo. Ulamuliro wa tsankho utayamba kutha, makampani ambiri adasamukira kumpoto, ku Sandton, ndipo eni nyumba ena adangozisiya osazikonzanso. Amphaŵi ofuna kukhala pafupi ndi ntchito adaloŵamo. Pambuyo pake magulu a anthu oopsa adalanda zina mwa nyumbazi, nayamba kutolera lendi ngati kuti ndi zawo. Ameneŵa sakonza mpopi, sakonza chimbudzi, salipira magetsi. Amangodziŵa tsiku lotolera ndalama.

Tsiku lina m'maŵa adatiperekeza ku Marshalltown, pa nambala 80 Albert Street. Pamenepo tidaona nyumba ya nsanjika zisanu, makoma ake akuda ndi mwaye, mazenera ali pululu opanda magalasi. M'zaka za m'ma 1950 nyumbayi inali ofesi ya zitupa, kumene munthu wakuda ankaima pa mzere kupempha chilolezo chokhalira m'tauni. Malamulo a zitupa atathetsedwa mu 1986, idagwira ntchito zina, ndipo pambuyo pake idakhala malo othaŵirako amayi ndi ana ozunzidwa, dzina lake Usindiso. Mwini wake anali khonsolo ya mzinda. Ntchito yachifundo ija itatha, olanda nyumba adaloŵa. Adadula zipinda ndi matabwa, makatoni ndi nsalu, kotero kuti m'kati mwa nyumba imodzi mudamera mudzi wa zisakasa. Anthu mazana ankakhala m'menemo, ambiri mwa iwo ochokera ku Malaŵi, Tanzania ndi maiko ena oyandikana, ndipo mwezi ndi mwezi ankalipira lendi.

Usiku wa pa 31 August 2023 moto udabuka pansi pa nyumbayi. Matabwa ndi makatoni aja adayaka ngati udzu wa m'chilimwe, utsi nudzaza makwerero. Njira zothaŵira zinali zotsekeka, zina ndi zipata zachitsulo zokhoma, zina ndi zisakasa zomwezo. Ena adalumpha pa mazenera. Anthu 76 adafa, ndipo pakati pawo panali ana aang'ono ndiponso abale athu a kuno kwathu. Boma la chigawo cha Gauteng lidakhazikitsa bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi Mayi Sisi Khampepe, amene kale anali woweruza m'bwalo lalikulu la malamulo oyendetsera dziko. Pa kufufuzako munthu wina adavomera kuti ndiye adayatsa motowo. Komabe lipoti la mu May 2024 lidapeza kuti khonsolo ya mzinda nayonso inali ndi mlandu, pakuti inkadziŵa kwa zaka za kuipa kwa nyumbayo koma sidatsate malamulo ake omwe. Kaya adayatsa motowo ndani, msampha udatcheredwa pang'onopang'ono ndi kunyalanyaza.

Madzulo ake tidakwera kuchipinda cha mphwathu, m'nyumba ina yosanja ya m'dera lomwelo. Makwerero anali a mdima, ndipo tidayenda tikupapasa khoma. Nthambo zamagetsi zinali lendelende pamwamba pa mitu yathu, zolumikiza ndi mapepala apulasitiki. Mpopi wotulutsa madzi unali umodzi wokha pansi, ndipo amayi ankakwera nazo ndowa pamutu monga kumudzi. Tidafunsa ngati mwini nyumba amabwera kudzaona zimenezi.

"Amalume," adatero mnyamatayo, "mwini wake sitidamuonepo. Amabwera ndi anyamata ake pa 1. Mukatchula za chimbudzi amakuuzani kuti pakhomo pali ena ofuna chipinda chomwechi."

Komatu a lendi a m'nyumbamo sadangokhala manja lende. Chichitikire ngozi ya pa Albert Street, adakhala pansi nagwirizana zinthu zingapo. Adasula makiyi a chipata chachikulu kuti nsanjika iriyonse ikhale ndi yake. Adachotsa katundu yense wotsekereza makwerero, naika ndowa za mchenga m'makonde. Adapangana kuti munthu asagone kandulo ikuyaka kapena chitofu cha parafini chiri chiyakire. Mayi wina wachikulire amasunga kope lolembamo ndalama zimene aliyense walipira, tsiku lake, ndi chirichonse choonongeka chimene adachinena. Mutu umodzi susenza denga, ndipo m'nyumbamo mwambiwu udaoneka ndi maso.

Malamulo a dzikolo ali kumbali ya wa lendi koposa m'mene ambiri amaganizira. Lamulo la nyumba za lendi la 1999 limalamula mwini nyumba kupereka risiti pa ndalama iriyonse, ndiponso kulemba pangano pa pepala wa lendi akapempha. Ndalama ya chikole iyenera kusungidwa ku banki kumene imabala chiwongoladzanja, ndipo aŵiriwo ayenera kuyendera nyumba pamodzi munthu asadaloŵe. Pali bwalo lotchedwa Rental Housing Tribunal lomva madandaulo popanda malipiro. Malamulo aakulu a 1996, pamodzi ndi lamulo lina la 1998, amaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti. Chovuta nchakuti amene chiphaso chake chidatha amaopa kuyandikira ofesi iriyonse, ndipo otolera lendi amadziŵa bwino mantha amenewo. Mantha a mlendo ndiwo munda wawo.

Tsono makolo anzathu, mwana akatumiza ndalama kuchokera ku Joni, tisangoŵerenga ndalamazo ai. Timufunse kumene amagona. Chipinda chake chiri ndi zenera kodi? Chipata amakhoma ndani usiku, nanga kiyi amasunga ndani? Kaŵirikaŵiri ana athu amasankha chipinda chotsika mtengo kuti atsale ndi yotumiza kumudzi, ndipo malata amene tafolera nyumba zathu nthaŵi zina adagulidwa ndi tulo ta m'chisakasa. Inunso achinyamata, musanyamuke opanda mapepala okwanira, ndipo musapereke ndalama pa chipinda chimene simudachione masana.

Nkhaniyi isathere kutsidya la Limpopo. Ku Ndirande, ku Mbayani, ku Chinsapo ndi ku Mtandire kuli nyumba za lendi zong'aluka makoma, zimbudzi zodzaza, ndi nthambo zamagetsi zopanda chofunda. Ena mwa eni nyumbazo timakhala nawo pa benchi limodzi tsiku la Sabata, ndipo ena ndife tomwe. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22:8, chidauza womanga nyumba kuti atchinge m'mbali mwa denga lake, kuopa kuti munthu angagwe, mlandu wa mwazi nukhala pa nyumbayo. Wolandira lendi walandiranso udindo pa miyoyo ya ogona m'nyumba mwake. Mvula isadayambe chaka chino, aliyense wa ife amene ali ndi nyumba ya lendi apite yekha, asatume mwana, akaloŵe m'kati ndi kuyang'ana khoma, denga, chimbudzi ndi chitseko, nadzifunse ngati angalole mdzukulu wake kugona m'menemo.