Maliya, Mary, Mariamu: Dzina Limodzi, Makomo Ambiri

Mutaima pamsika wa Ndirande n'kufuula kuti "Maliya!", sindikukayika kuti angacheuke amayi angapo. Wina ndi Mary wogulitsa kaunjika, wina ndi Mariamu wa mandasi, winanso ndi agogo a Maliya omwe dzina lawo linaiwalika kalekale chifukwa aliyense amangowaitana kuti Anaphiri. Ambiri sadziwa kuti onsewa akusenza dzina limodzi.

Gwero lake ndi dzina la Chiheberi lakuti Miryam. Woyamba kutchulidwa nalo m'Baibulo ndi Miriamu, mlongo wake wa Mose ndi Aroni, amene pa Eksodo 15 anatenga lingaka n'kutsogolera amayi kuvina Aisraeli atawoloka nyanja. Litalowa m'Chigiriki linakhala Mariam kapena Maria, ndipo m'Chipangano Chatsopano muli amayi osachepera 6 a dzinali. M'Chiarabu ndi Maryam. Surah 19 ya Qur'an imatchedwa ndi dzina limeneli, ndipo iye ndi mayi yekhayo amene anatchulidwa dzina m'buku lonselo. N'chifukwa chake Mariamu wa ku msikiti ku Bangwe ndi Maria wa m'gulu la Alejio ku Chilomoni ndi amnzake a dzina, ngakhale amapemphera masiku osiyana.

Pa tanthauzo, akatswiri amagawikana. Ena amalilumikiza ku mawu a Chiheberi otanthauza kuwawa, ena amati linachokera ku Iguputo ndipo limatanthauza wokondedwa. Nkhani imene imandisangalatsa ine ndi ya Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini. Iye analitanthauzira kuti dontho la m'nyanja, stilla maris. Okopera mabuku anasintha chilembo chimodzi, dontho lija n'kusanduka nyenyezi, stella maris. Ndiye mukamaona atsikana a ku Stella Maris akudutsa cha ku Zingwangwa, dziwani kuti dzina la sukulu yawo linatuluka m'dzina lomweli.

Kuno dzinali linafalikira kudzera m'matchalitchi ndi m'misikiti. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876, ansembe a Montfort, odziwika ndi kulemekeza Amayi Maria, anafika ku Nzama mu 1901, ndipo kwa Ayao Chisilamu chinabwera ndi Mariamu. Lilime lathu silisiyanitsa kwenikweni "l" ndi "r", choncho Maria anasanduka Maliya, Mary n'kukhala Mele. Dzinali lanyamulidwa ndi amayi otchuka: Mary Waya, amene anali m'timu ya Queens pomwe inathera pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse wa netball mu 2007, ndi malemu Maria Chidzanja Nkhoma, woimba komanso muulutsi wa pawailesi.

Kusinthasintha kwa kalembedweku kuli ndi mtengo wake. Agogo anga khadi lawo la ubatizo limati Maria, buku la kuchipatala limati Maliya, pomwe chiphaso cha unzika chimene analembetsa mu 2017 chimati Mary. Tsiku lina anabwezedwa pa ofesi ina atapita kukatenga ndalama zimene amalume anatumiza kuchokera ku Joni, ati mayina sakugwirizana. Anabwerera wapansi mpaka ku Ndirande. "Mdzukulu wanga," anandifunsa madzulo ake, "ndiye kuti ine ndine anthu atatu?" Tinaseka, koma ufa unali utatha m'nyumba. Ngati muli ndi makolo okalamba, onani mapepala awo lero lomwe.

Masiku ano dzinali likuchepa pakati pa ana. Ku United States, Mary linali dzina loyamba la atsikana kuyambira 1880 mpaka 1946, koma pano latsika kwambiri. Kwathu kuno mungomvetsera pa sikelo ku Machinjiri: Favour, Trinity, Princess, Shanice. Ena abwerera ku mayina athuathu monga Chisomo, Tadala ndi Takondwa, ndipo zimenezi n'zonyaditsa.

Achemwali anga ali oyembekezera, ndipo mkangano wa dzina wafika povuta. Alamu akuti Maliya ndi dzina la kumudzi, mwana adzasekedwa kusukulu. Mayi akuti agogo akalamba, ndipo palibe mdzukulu ngakhale mmodzi amene anawatcha. Ine ndili mbali ya mayi. Pachikhalidwe chathu dzina la munthu wamkulu sititchula, timangoti Anaphiri kapena agogo. Njira yokhayo yoti limvekenso pakhomo ndiyo kulipereka kwa mwana, amene tingamuitane mokuwa popanda wotidzudzula.

Ndawauza alamu kuti asankhe kalembedwe kamene akufuna, kaya Miriam, kaya Maria, bola kakhale kamodzi pa mapepala onse kuyambira tsiku lobadwa. Akuti aganiza kaye. Mwana akuyembekezeka mwezi wamawa.