KUMENE NJINGA IKWERA PHIRI PA CINGWE

Kwa munthu wa kumudzi njinga ndi bulu wosadya msipu. Imasenza thumba la cimanga kupita kucigayo, imafikitsa wodwala kucipatala, ndipo ikafika pa citunda mwini wake amatsika nayamba kuikankha. Koma ku Ulaya kuli cigwa cina kumene njinga sisenza kanthu, ndipo siikankhidwa pa citunda. Imakwezedwa pamwamba pa phiri ndi cingwe ca citsulo, kuti mwini wake atsike nayo mwaliwiro. Kutsika kumeneku ndiko kumadyetsa mabanja ambiri a m'cigwamo pa nyengo yofunda.

Cigwaco ndi ca Aulps, m'cigawo ca Haute-Savoie kum'mawa kwa dziko la France, m'mapiri a Alps, pafupi ndi malire a Switzerland. Wofuna kufikako amayambira m'tauni ya Thonon m'mbali mwa nyanja ya Geneva, natsata mtsinje wa Dranse cokwera. Msewu umakhotakhota pakati pa matanthwe ndi nkhalango za mitengo yonga paini. Panjira mlendo amaona mabwinja a nyumba ya amonke imene inakhazikitsidwa zaka zoposa 900 zapitazo. Akayenda makilomita ngati 30 cigwa cimatambasuka, ndipo pamenepo ndi pa Morzine.

Morzine ili pa mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere. Lusaka ndi yokwera kuposa pamenepo, koma popeza Morzine ili kutali kumpoto kwa dziko lapansi, nyengo yake ya cisanu ndi yoopsa. Kuyambira Disembala kufikira Epulo mapiri amakutidwa ndi cipale cofewa, ndiwo madzi oundana amene amagwa kucokera kumwamba, oyera ngati ufa wa cimanga.

NG'OMBE, MIYALA NDI CIPALE

Makolo a anthu a kumeneko anali osauka. Cuma cao cinali ng'ombe zofiira za nkhope yoyera, za mtundu wochedwa Abondance. Cisanu cikatha ankazikusa kupita nazo ku mabusa a pamwamba pa phiri, kumene ankakama mkaka napanga chizi. Otsala m'mudzi ankamweta udzu ndi kuuumika kuti ng'ombe zidzadye m'khola pa miyezi ya cipale. Amuna ena ankakumba miyala yaphanthiphanthi yofolerera nyumba, ndipo acinyamata ambiri ankacoka kukafuna nchito kutali.

Zinthu zinayamba kusintha pamene anthu a m'mizinda anakonda masewera otsetsereka pa cipale atamanga timatabwa kumapazi. Mu 1934 anthu a ku Morzine anaimika cingwe coyamba cokwezera alendo pa phiri la Pleney. Mu 1960 Jean Vuarnet, amene anakulira m'tauniyo, anapambana mendulo ya golide pa masewerawo ku Olympics. Atabwerako anatsogolera nchito yomanga mudzi watsopano wa alendo, wochedwa Avoriaz, pa busa la mamita 1,800. Pang'ono ndi pang'ono midzi 12, isanu ndi itatu ya ku France ndi inai ya ku Switzerland, inalumikiza zingwe zao nipanga dera limodzi lochedwa Portes du Soleil, kutanthauza Makomo a Dzuwa.

Cipale cinabweretsa cuma, koma ca miyezi inai kapena isanu yokha. Cikasungunuka zingwe zinkaima, mahotela ambiri ankatseka, ndipo anchito ankabalalika.

NJINGA YA MTUNDU WINA

Mankhwala a bvutoli anacokera kutali. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Marin, m'cigawo ca California ku America, anatenga njinga zakale za matayala onenepa nayamba kupikisana nazo potsika mapiri. Kucokera pamenepo panabadwa njinga ya m'mapiri. Mpikisano wake woyamba wa dziko lonse unacitikira ku Durango mu 1990, ndipo mu 1996 masewerawa analowa mu Olympics. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 mudzi wa Les Gets, woyandikana ndi Morzine, unayamba kunyamula njinga pa zingwe zake pa nyengo yofunda, ndipo midzi inzake inatsatira.

Njinga yotsikira phiri ilibe kaliyala, ilibe belu, ilibe nyale. Matayala ake ndi aakulu, a mano ngati a thirakitala. Kutsogolo ndi kumbuyo ili ndi masipuling'i otha kufinyika masentimita 20, kuti wokwera akagunda mwala kapena muzu asaponyedwe. Mabuleki ake amayendera mafuta monga a galimoto. Mtengo wa njinga imodzi yabwino ungagule ng'ombe zingapo, cifukwa cake alendo ambiri amangobwereka pa tsiku. Wokwera amabvala cisoti cophimba mutu ndi cibwano, ndiponso zochinjiriza maondo, zigongono ndi msana.

Njira zake si za mwangozi ai. Zimakumbidwa ndi makasu, mafosholo ndi timakina ting'onoting'ono. Pokhota amaunda dothi ngati m'mphepete mwa mbale kuti njinga ikhote osacepetsa liwiro. Pena amaunda mitumbira yolumphira, pena amayala matabwa pamwamba pa dambo. Njira iri yonse ili ndi cizindikiro cake: cobiriwira ndi ca ophunzira, cabuluu ndi ca ozolowera pang'ono, cofiira ndi ca odziwa, ndipo cakuda ndi ca akatswiri okha. Wonyoza zizindikirozi amaphunzira mocedwa kuti safunsa anadya phula.

ULENDO WA MAIKO AWIRI

Kuyambira cakumapeto kwa Juni kufikira kuciyambi kwa Sepitembala munthu angathe kudya cakudya ca m'mawa ku France, ca masana ku Switzerland, nabwerera dzuwa lisanalowe. Acoka ku Morzine pa cingwe, njinga yake italendewera pambali pa mpando, nafika pa mtunda wa ku Avoriaz. Atsika m'nkhalango kufikira ku Les Lindarets, kamudzi ka nyumba za matabwa kumene mbuzi zimayendayenda pakati pa msewu nizipempha cakudya kwa alendo. Cingwe cina cimkweza kufikira pa nsonga ya Mossettes, ya mamita 2,277. Pamenepo palibe mtengo, pali udzu waufupi, miyala ndi mphepo yozizira. Ndipo pamenepo ndi pamalire, ngakhale palibe cipata kapena msilikali. Kutsogolo kwake kwaima phiri la nsonga zisanu ndi ziwiri lochedwa Dents du Midi, lotalika mamita 3,257, ndipo pansi pake pali mudzi wa Champéry. Caka ndi caka, kuciyambi kwa nyengoyi, anthu zikwi zambiri amasonkhana kuti azungulire dera lonseli, ulendo wa makilomita ngati 80.

Njira za kuno zaonapo akatswiri a dziko lonse. Pa mpikisano wotsika phiri opikisana amanyamuka mmodzimmodzi, ndipo wopambana ndi amene watha mphindi zocepa. Les Gets inalandira mpikisano wa dziko lonse mu 2004, pamene Fabien Barel wa ku France anapambana ndipo Greg Minnaar wa ku South Africa anakhala waciwiri. Minnaar yemweyo anakhala ngwazi ya dziko lonse kanai pa moyo wake wa masewera. Mu 2011 mpikisanowo unacitikira ku Champéry, pa njira yotsetsereka kwambiri, mvula irikugwa, ndipo Danny Hart wa ku Britain anasiya anzake ndi masekondi oposa 11. Unabwereranso ku Les Gets mu 2022, pamene malo onse atatu oyamba a amuna anatengedwa ndi Afalansa, patsogolo pali Loïc Bruni.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Koma phiri limene alendo amaseweramo lili ndi eni ake. Ng'ombe zikali kukwera ku mabusa caka ciri conse, ndipo njira zambiri zimadutsa m'msipu wa alimi kapena m'nkhalango za mudzi. Wokwera njinga akasiya cipata ca mpanda cotseguka, ng'ombe zimasokera. Akadzera cidule pakati pa udzu, amapsetsa cakudya ca ziweto. Pamene mabuleki akwekwesa nthaka tsiku ndi tsiku, mvula imapeza poyambira, ndipo kanjira kamasanduka cigwembe. Abusa a nkhosa amasunga agalu aakulu oyera ochinjiriza ziweto ku mimbulu, imene inabwerera m'mapiri a France mu 1992, ndipo galu wotere akaona cinthu cobwera mwaliwiro amaciyesa mdani. Oyenda pansi naonso amadandaula, makamaka tsopano pamene njinga za batire zimafikitsa anthu kumalo kumene kale kunkafika olimba okha. Ngozi nazo sizisowa: kuthyoka kwa mafupa a paphewa ndi pamkono ndi nkhani ya masiku onse, ndipo obvulala kwambiri amatengedwa pa helikopita.

Cifukwa ca ici njira yatsopano siyamba ndi khasu, imayamba ndi msonkhano. Akuluakulu a mudzi, eni malo, oyang'anira nkhalango ndi kampani ya zingwe amayamba agwirizana podzera. M'malo ambiri njira za njinga zinapatulidwa ku njira za oyenda pansi. Pa mipanda amaika timilatho ta zitsulo kapena ta matabwa timene njinga imaolokapo koma ng'ombe imaopa kupondapo. Ndipo pali anthu olembedwa nchito yoyenda m'njiramo nyengo yonse, kufotsera maenje ndi kutsegula ngalande kuti madzi apatuke asanakokolole nthaka. Mlimi ali yense wodziwa kuunda migula m'munda wa pa citunda angaizindikire nchito yao.

Cimene cimakakamiza onsewa kumvana ndi cipale. Kuyambira cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mapiri a Alps afunda ndi madigiri ngati awiri, ndipo m'midzi ya m'munsi monga Morzine ndi Les Gets cipale cimacedwa kugwa, cimafulumira kusungunuka, ndipo nthawi zina m'malo mwake mumagwa mvula. Malo ena ang'onoang'ono a masewera a cipale m'mapiriwa anatseka kale. Njinga sinafike pobweretsa ndalama zolingana ndi za cisanu, koma ikupatsa acinyamata cifukwa cokhalira kwao caka conse.

Sepitembala akafika zingwe zimaima ndipo alendo amabwerera kwao. Ng'ombe zimatsika m'mapiri mabelu akulira m'khosi, nizilowa m'makola. Okonza njira amatsala pamwamba masabata angapo, akukwirira zimene matayala anakumba, kuti cipale cikadzasungunuka nthaka idzapezeke pamalo pake, yokwanira msipu wa ng'ombe ndi njira ya mlendo.